Mbande ya a Sungamere

A Sungamere ankagulitsa mbande za mitengo, koma ntchito yawo yeniyeni inali kukaniza anthu kugula. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukaloza kamtengo m'chubu, iwo ankayamba ayang'ana nsapato zako, kenako nkhope, n'kupukusa mutu. "Kwanuko sungamere."

"Kwathu mukukudziwa?"

"Ndaona nsapato. Munthu wolephera kupukuta nsapato angathirire mtengo?"

Ngakhale abusa anawabweza chimanjamanja, ati mapemphero si madzi.

Ine ndinawadziwa bwino chifukwa cha mkangano wa m'nyumba mwanga. Kuseri kwa khitchini yathu kuli kabwalo kopanikizika ndi mpanda wa aneba, dzuwa limangosuzumirapo n'kuchoka. Mkazi wanga ankafuna mtengo wa maluwa, ine ndinkafuna wobiriwira chaka chonse, wosayoyola masamba. Mungati nkhani yachibwana, koma inafika poti tiyi ankangondiikira patebulo osandiitana, pogona tikupatsana misana. Zinatulukira mmenemo ndi zambiri, mpaka malemu mayi anga analowetsedwamo.

Tinapita ku nazale kwa a Sungamere, wina patsogolo, wina m'mbuyo.

"Dzuwa limafika nthawi yanji?" anafunsa a Sungamere.

"M'mawa," anatero mkazi wanga.

"Masana," ndinatero ine, pongofuna kutsutsa.

"Nyumba imodzi, madzuwa awiri! Ndibwera ndidzaone ndekha."

Anabweradi, abale inu, atanyamula kampando kawo. Anakhala pabwalopo tsiku lonse, mthunzi ukasuntha iwonso n'kusuntha, tiyi akumwa wathu, chakudya chamasana osakana. Mawa lake anabweranso, ati dzulo kunali mitambo. Bodza lenileni, kumwamba kunali mbee! Ndinanong'oneza mkazi wanga kuti mtengo taupeza kale, ndi uwu wamera pampandowu, tizingouthirira tiyi. Anaphulika kuseka, kenako anakumbukira kuti tinayambana.

Pomaliza nkhalamba inapereka chigamulo. "Dzuwa la pano ndi laulesi, limaweruka nthawi isanakwane. Mayi, mtengo wa maluwa umene mukufunawo udzapendekera kunja kutsata dzuwa. Maluwa azidzaona ndi aneba, inu muzidzangosesa zinyalala." Ine ndinayamba kumwetulira. "Inu bambo, bisani mano. Si kuti mumakonda zobiriwira ayi, mumangoopa tsache."

Anabwerera ku nazale, n'kubwera ndi kambande ka masamba onyezimira, n'kukadzala okha pakona.

"Ndi mtengo wanji umenewu?" ndinafunsa.

"Thirirani, udzakuuzani wokha."

"Wa maluwa kapena wobiriwira?" anaumirira mkazi wanga.

"Ndinene kuti wina asiye kuthirira? Ndine mwana ine?"

Munthu wochenjera ngati ameneyu sindinamuonepo. Tinayamba kulimbirana ndowa, aliyense akuti mtengowo ndi wake, m'mawa ine, madzulo iye. Tikakumana pampopi tinkayankhulana mosafuna, kenako mofuna. A Sungamere podutsa anasuzumira pampanda n'kutikalipira tonse awiri kuti timumiza m'madzi mwana wawo.

Anamwalira mtengowo usanafike pazenera la khitchini. Nazale anaitenga mwana wa mlongo wawo, munthu waulemu kwambiri, amene amakugulitsa chilichonse ngakhale unene kuti ukadzala pansi pa bedi. Ndimadutsapo, amandipatsa moni wabwinobwino, palibe wondinyoza, ndipo zimandiwawa mumtima.

Mtengo uja unakula, osayoyola masamba, osachita duwa, ine n'kumayenda modzitukumula kuti ndinapambana. Sabata yatha mkazi wanga anandiitana kuseri. Panthambi ya m'munsi, mumthunzi mwenimwenimo, panali duwa loyera, fungo lake lofika mpaka m'khitchini. Ndinakonzeka kunenedwa mpaka chaka chamawa, koma iye anangolikhudza ndi chala, misozi ili lengelenge.

"Abambo," anatero, "ndiye tikawauze ndani?"