Alamu Anga Azimitsa Hita

Inu, sunthirani kuno mumve za alamu anga, aja anaphunzira mpaka tsitsi linathawa pamutu. Ntchito yawo? Amatenga mpweya n'kuupanikiza m'chitini chachitsulo mpaka usokonezeke mutu, osadziwanso ngati ndi mpweya kapena madzi. Akuti ukatero umalowa m'mafuta a mpendadzuwa n'kusankhamo timafuta tabwino tokhatokha. Kungoti alamuwo makina sankawagwira, ankangowawerengera pakompyuta.

Tsiku la mayeso omaliza, kunabwera pulofesa wa jekete yoyera kudzaona ngati makina atulutse mlingo wa mafuta womwe masamu analosera. Zikagwirizana, digiri. Zikapanda, akagwire ina.

Mkulu wosamalira makina, yemwe onse amangoti Asipanala, anawanong'oneza: "Achimwene, kampopi kotulukira mafutaka kamafuna hita. Mpweyawu ukamathawa umazizira kuposa moni wa apongozi."

"Hita? M'masamu anga mulibe hita. Zimitsani, ingandisokonezere manambala."

Asipanala anazimitsa, n'kukaima kuseri kwa chitseko. Paja amati wotsutsa makaniko amakankha yekha galimoto.

Alamu anatsegula kampopi. Psiii! Kenako zii. Kampopi kayera mbee, ayezi gwa, ngakhale dontho osagwa.

"Tikudikira," anatero pulofesa.

"Mafuta akubwera, bwana. Pakompyuta atuluka kale."

Muvi wa geji yoyezera mphamvu ya mpweya m'chitinimo uli kukwera, alamu thukuta kamukamu. Anakauzira kampopi mpweya wa m'kamwa, ayi. Anakasisita ndi tayi, tayi inamatirira pomwepo. Atathedwa nzeru anatsomphola tiyi wotentha yemwe pulofesa ankamwa n'kukhuthulirapo yense. Pulofesa naye, m'malo mothawa, anawerama kuti aonetsetse.

Phuuu!

Abale inu, mafuta onse pajekete, pamagalasi, ena m'khutu. Munthu wamkulu kunyezimira ngati nsapato ya mkwati!

"Musapukute, bwana!" anakuwa alamu. "Zotsatira zanga zimenezo! Vulani jekete tiike pasikelo. Kodi m'mawa inkalemera bwanji?"

Pulofesa anangotembenuka. Anatuluka akutsetsereka ngati mwana wophunzira kuyenda.

Alamu sanagonje: jekete ikayezedwa, digiri ilipo. Anafunsa mlonda komwe jekete yapita, anafunsa dalaivala wa pulofesa, anathamanga misewu itatu mpaka kwa mayi wochapa zovala. Anapeza jekete ili pachingwe, ikudontha madzi.

"Mafuta aja ali kuti?" anafunsa ali wefuwefu.

"Musadandaule, bambo," anatero mayiyo monyadira. "Ndachapa katatu. Sikanatsale ngakhale kadontho."