Mpeni Umene Ndinapita Nawo Kokalembetsa Usilikali

Pantchafu yanga yakumanja pali chipsera chimene ana anga amakhulupirira kuti ndinachitenga kunkhondo. Sindinawauzepo choncho, komanso sindinawatsutsepo. Inu ndikuuzani zoona zake, koma mudziwiretu kuti sindikupepesa kwa aliyense.

Munali m'zaka za m'ma 1980, titangomweta mpunga kwathu ku Domasi, pamene wailesi inalengeza kuti ku Zomba kukubwera olemba anyamata usilikali. Bambo anali atamwalira, kamunda kathu kanali kochepa, ndipo alongo anga anali atayamba kale kubweretsa amuna pamudzi. Ndinaona kuti ndikapanda kuvala yunifolomu ndidzakalamba ndikulimira alamu.

Oyamba kuwauza anali amalume, amene anapita nawo kunkhondo ya azungu ku Bama. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndili ndi mpeni. Ndinati kumeneko amapereka mfuti. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati mfuti imatha zipolopolo, imachita dzimbiri, ikanyowa imakana kulira, koma mpeni sukana mwini wake, ndipo iwo nkhondo yonse anaimaliza mpeni uli m'manja. (Mayi anadzandiuza zonse zitawonongeka kale kuti kunkhondoko amalume anali ophika. Ndiye sananame, kungoti adani awo anali anyezi.)

Tsiku la msika ndinapita ku Songani kwa Che Amadu, amene ankasula makasu, nkhwangwa ndi mipeni kuseri kwa mashopu. Anayala mipeni pachiguduli n'kuyamba ndi kampeni kopinda, kolowa m'thumba, amvekere anyamata apaulendo amakonda kameneko. Ndinati sindikupita kokasenda mango. Anandionetsa wina wapakatikati, wonga umene mashehe amazingira mbuzi. Ndinaugwira, unali wopepuka bwino, koma ndinati mdani sagona pansi kudikira kuti umuzinge. Anatulutsa wina wakuthwa konsekonse. Umenewo ndinauona kuti ndi wowonda, munthu wakutali sangauope.

Kenako maso anga anagwera pachinthu china chotsamira khoma. Chinali chakuda, chachitali ngati mkono wanga wonse, chosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya lole. Che Amadu anati umenewo si mpeni ayi, ndi chikwanje chimene chinakana kupindika, ndipo mwini wake atachiona sanabwerenso. Ine ndinati ndi womwewo.

"Achimwene," anatero Che Amadu, "kodi usilikali wake ndi wodula nsungwi?"

Ndinawayankha kuti nkhani zaboma sitikamba pamsika. Tinasinthana ndi mpunga, ine n'kunyamula chida changa.

Chimake ndinasoka ndekha ndi chikopa cha mbuzi chimene chinali chisanaume bwino. Kuyambira tsiku limenelo agalu a pamudzi anayamba kundilondola kulikonse, ine n'kumaganiza kuti aona kale ulemerero umene ukubwera. Kukula kwa mpeniwo kunali kooneka, koma kuthwa kwake kunafunika umboni, ndiye ndinauyesa pathunthu la nthochi kuseri kwa nyumba. Ndinatema kamodzi kokha, nthochi inagwa pamodzi ndi mkoko umene mayi ankaudikira kuti ukhwime. Mayi anatuluka, anayang'ana nthochi, anayang'ana ine, n'kubwerera m'nyumba. Munthu wopita kukafera dziko sakalipiridwa chifukwa cha nthochi.

M'malo mwake anandiphera tambala wathu yekhayo. Ine ndinazungulira mudzi wonse kutsanzika, khomo ndi khomo, mpaka kwa anthu amene sitinkalankhulana. Kutchalitchi anandiimika kutsogolo n'kundipempherera. Alamu anga ndinawalangiza kuti asamale mudzi. (Palibe anandiuza kuti kulembetsa n'kosiyana ndi kulembedwa. Kapena anandiuza, koma ndinali kunola mpeni.)

M'mawa wa tsiku lokalembetsa m'pamene ndinaganiza kuti kuyenda m'tauni ndi chitsulo chotere poyera kungandikanganitse ndi apolisi ndisanafike. Ndinachilowetsa m'thalauza, n'kuchimangirira pantchafu ndi mphira wa chubu cha njinga. Chinachokera m'chiuno n'kudutsa bondo, moti mwendo unaleka kupinda. M'basi munali mipando yopanda anthu, koma ine ndinaima chilili mpaka ku Zomba. Mayi wina anauza mnzake kuti ana aulemu adakalipo.

Pabwalo panali anyamata ngati dzombe, onse atavula malaya. Amene ankatilamula anali sajeni wina wamtali, wandevu zapamlomo, kandodo kali m'khwapa. Anati tithamange mozungulira bwalo aone amene ali ndi mpweya. Anzanga analiyatsa liwiro. Ine ndinathamanga ndi mwendo umodzi, winawo ndikuukoka ngati chipika, ndipo kuti mudziwe kuti ndinali ndi mphamvu, sindinali womaliza.

Sajeni anandiloza ndi kandodo kuti ndituluke pamzere. Anandifunsa kuti munthu wolumala ndadzatani kuno. Ndinati sindine wolumala, bwana. Ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa ngati ndili ndi bala loola pamwendo. Ndinati ndilibe, bwana.

"Nyonyomala ndione."

Apa ena amati ndikanaulula. Koma taganizani, anyamata onse aja akundiyang'ana, tambala anadyedwa kale, mpingo unapemphera kale. Ndinakoka mpweya n'kunyonyomala mwamphamvu, ngati msilikali.

Mwendo unapinda koma mpeni sunapinde. Unaboola chimake chija, unandilemba pantchafu, unatulukira pabondo, ndipo thalauza inang'ambika kuchokera pamenepo mpaka kumbuyo kumene sindingakutchuleni. Mphira unaduka, chitsulo chinagwa pansi kuti ngwee. Anyamata amene anali pafupi anabalalika, mmodzi anakwera mumtengo. Sajeni nayenso anadumphira kumbuyo. Izi ndinaziona ndi maso anga, ngakhale pambuyo pake anachita ngati amangoponda nyerere.

Anatola mpeniwo ndi zala ziwiri n'kundifunsa kuti ndabwera kudzapha ndani. Ndinati adani a dziko, bwana. Anafunsa ngati ndawaonapo ku Zomba kuno. Ndinati ayi, koma munthu sadikira kuti awaone kaye. Asilikali ena amene anali patebulo anawerama, mapewa akugwedezeka. Sajeni anandiuza kuti boma limapatsa msilikali chilichonse, kuyambira chipewa mpaka kabudula wam'kati, ndipo poona mmene thalauza yanga inalili, kabudulayo ndi amene ndinkafunikira kwambiri.

Wachipatala wawo anandipaka mankhwala oluma n'kundimanga bandeji. Ndinaganiza kuti ndibwerera pamzere, koma sajeni anandibwezera mpeni wanga n'kundilozera udzu wa m'mphepete mwa bwalo. Anati popeza ndabwera ndi chida, nkhondo yanga ndi imeneyo. Ndinatchetcha dzuwa lonse, malaya nditamanga m'chiuno, anzanga akuyezedwa zifuwa. Ndipo ndinene pano kuti udzuwo unagwa bwino kwambiri. Sajeni yemweyo anabwera kudzaona, anayesa kuthwa kwa mpeniwo ndi chala, anafunsa amene anasula, n'kuulanda kuti ndi umboni. Umboni wa mlandu uti, mpaka lero sindinaitanidwe.

Kubwerera ndinayenda pansi, chifukwa ndi thalauza yotere basi sukwera. Ndinafuna kulowa m'mudzi mozemba, kudzera kumadimba, koma kumtsinje kunali amayi akuchapa. Anasiya zovala n'kuimirira. Mmodzi anandifunsa mwaulemu wonse ngati nkhondo yatha kale, poti andiona ndi bandeji. Ndinati nkhani zaboma sitikamba kumtsinje. Kuseka kwawo kunafika kunyumba ine ndisanafike.

Mayi anandipeza nditakhala pakhonde, mwendo nditawongola. Anangotenga thalauza, anaiyang'anitsa kudzuwa, n'kunena kuti iyi ndi yoopsezera mbalame kumpunga. Amalume anabwera madzulo, anamva nkhani yonse, n'kugamula kuti asilikali amasiku ano sadziwa nkhondo. Ndi iwo okha amene anaima nane. Alamu anga anandibwereka khasu m'mawa mwake, mokoma mtima kwambiri moti ndinalakalaka akanangonditukwana.

Anthu ananena kuti ndadzimana ntchito ndekha chifukwa cha chimpeni. Ine ndinakana, ndipo olemba usilikali atabweranso ndinapita, manjamanja, thalauza yatsopano. Sajeni anali yemwe uja. Atangondiona analamula kuti andisisite thupi lonse, miyendo yonse iwiri. Sanapeze kanthu. Ndinathamanga bwino, ndinanyonyomala mpaka iye anatopa. Kenako anandiimika pandodo yoyezera msinkhu. Ndinatambasula khosi, ndinanyamula zidendene mobisa, koma mutu wanga sunafike pamzere. Anati ndine wamfupi, ndipo ngakhale ulendo woyamba uja sakananditenga.

Ndiye amene mumati mpeni unandilakwitsa, tandiuzani, unalakwa chiyani? Ndikanapita wopanda mpeni akanandibweza m'mawa momwemo ngati kamunthu wamba, osandiyang'ana kawiri. Ndi mpeni ndinadumphitsa sajeni. Chimene ndinaphunzirapo ndi chimodzi chokha, ndipo ndimauza aliyense wofuna kumva: chimake cha mpeni wotere chimafuna chikopa cha ng'ombe, ndiponso chouma.