Timitengo ta Mpesa wa ku Zomba

Lolemba
Tafika ku Area 14 ndi katundu yense, poti ofesi ya abwana yasamukira ku Capital Hill. Nyumba ndi yatsopano, koma panja palibe mtengo ngakhale umodzi. Fumbi lofiira lokhalokha! M'chiguduli chonyowa ndabweretsa timitengo tinayi ta mpesa umene malemu bambo anga anabzala pakhonde ku Zomba, akugwira ntchito m'dimba la abwana omwewa. Chawo china ndilibe. Ndatibzala kuseri kwa khitchini, maso ophukira awiri m'dothi, awiri pamwamba, monga ankachitira iwo.

Lachiwiri
A Kachingwe, osamalira dimba kuno, anakulira m'minda ya fodya. Ndawapeza akuchotsa maso a kamtengo koyamba ndi chikhadabo. "Mphukira zimalanda chakudya, mwanawe. Fodya timatero." Ndimafuna kuwauza kuti mphesa zimatulukira pomwepo. Pakamwa pangotuluka "Zikomo."

Lachitatu
Kumpopi kulibe madzi. Ku Zomba ankatsika okha m'phiri, ozizira mpaka mano kuwawa. Ndathirira otsukira mbale. Chiswe chabwera ndi abale ake onse, ndipo kamtengo kachiwiri katha.

Lachinayi
Ndamanga thandala loti mpesa udzakwerepo: nsungwi, luzi, misomali yowongola ndi mwala. Lapendama, komabe laima. Adona akondwa kwambiri. "Wachita bwino, tinalibe poyanika matewera!" Poyanikapo aponda kamtengo kachitatu, thyo! Ine ndili pomwepo, ndawagwirira beseni.

Lachisanu
Kotsalako ndakazula, ndakaika m'chitini, ndakabisa kuseri kwa kanyumba ka alonda. Tsiku lonse ndikuona bambo m'maso. Mphesa zikayamba kuda, ankakulunga phava lililonse m'pepala kuopa mbalame. Zinali zowawasa, tinkadya titatsinzina, koma iwo ankalimbikira kuti ndi shuga weniweni.

Loweruka
Adona andituma ku msika: anyezi, sopo, palafini, ulusi wakuda. Pobwera ndapeza a Mwale, alonda athu, atakhala pa geti akutsuka mano. Ndi kamtengo kanga! Mbali imodzi akatafuna kale mpaka kuwandika. "Mswachi wabwino uwu, achemwali, wowawasa pang'ono. Mumautenga kuti?" Ndati ku Zomba. "Eya, ndiye mukapitanso mutitengereko."

Lamulungu
Ndalira kutchalitchi. Mayi wina wandisisita pamsana, ati ulaliki wandigwira mtima. Ku Zomba sindingapitenso kukadula tina, nyumba ija alowamo ena, ndipo ine kugogoda pakhomo pa eni sindingathe.

Masana a Kachingwe abwera, chipewa chili m'manja, ndi kambande ka magalagadeya. Sanandiyang'ane kumaso. "Nawonso amakwera," atero.

Si mphesa. Ndakabzala pansi pa matewera, ndathirira. Kenaka ndakazinga ndi minga yambiri, poti pakamwa panga sipaletsa munthu.