A Wilisoni ndi Kamsilikali Kaulere

Pa Kachulu panalibe munthu wopatsa ngati malemu a Wilisoni, koma chimene ankapereka chinali chimodzi chokha: kamsilikali ka tchesi. Masewerawa anawaphunzira ali mlonda ku Zomba. Pobwerera kunyanja kudzayamba ntchito yowamba milamba, anabwera ndi bolodi komanso kayambidwe kamodzi basi. Ankakankha kamsilikali ka kutsogolo kwa mfumukazi, kenako kena ka pambali pake, n'kukasiya poyera kuti ukadye.

"Idya, mphwanga," ankatero, maso ali psuu ndi utsi. "Iwe ukamatafuna cham'mbali, ine ndikukhazikika pakati. Mwini pakati ndiye mwini mudzi."

Ukangoti ukagule mlamba, ankakugwira pamkono n'kukukhazika pabenchi.

Nzeru imeneyi sinkathera pabolodi. M'minibasi ya ku Zomba ankasiyira anzawo pawindo, iwo n'kudzipanikiza pakati pa amayi awiri ndi dengu la matemba, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati apambana chisankho. Tsiku lina abusa atalalikira za nyambo ya Satana, a Wilisoni anaimirira.

"Abusa, kudya nyamboyo si mlandu kwenikweni. Mlandu ndi kuikakamira. Ukadya, bweza msanga, utulutse akavalo ako."

Akulu ampingo anawaitanira kuseri.

Tsoka lake, pakati akapatenga sankadziwa chochita napo. Ankagonja kwa aliyense, ngakhale kwa akazi awo a Elenala, amene ankasewera uku akupeta mpunga.

"Mfumu yanu yafatu, bambo."

"Yafa, inde. Koma pakati panali pa ndani?"

Zinavuta pamene Saulos, mlimi wa mpunga wa ku Likangala, anafunsira mwana wawo Emma. Ankhoswe anagwirizana zonse, koma a Wilisoni anakaniratu.

"Ayambe wakhala pabolodi. Akadya kamsilikali n'kukakakamira, ameneyo ndi wadyera. Mwana wanga sam'tenga."

Emma anam'phunzitsa Saulos kayendedwe ka zidole zija kuseri kwa nyumba, n'kumuchenjeza kuti, "Chilichonse akupatse, usadye."

Tsikulo anthu anasiya nsomba padzuwa kudzaonerera. A Wilisoni anakankha kamsilikali kawo kaja n'kupinda manja. Kwa Saulos malangizo onse anauluka. Anakadya. Emma anagwira kumutu, a Elenala anagwetsa lichero. A Wilisoni anamuyang'ana mnyamatayo ngati wawabera mbuzi.

Saulos anatsika pabenchi, n'kugwada, kamsilikali kali m'manja awiri.

"Pepani bambo, ndinalakwitsa. Kanu aka."

A Wilisoni analumpha mpaka bolodi linagubuduzika.

"Mwaona? Wadya, wabweza! Ine ndakhala ndikulalikira zimenezi zaka zonsezi, lero ndapeza wondimva. Elenala, gwira nkhuku!"

Ukwati unachitika, ndipo mpaka lero Saulos sadziwa chimene anachita bwino.

A Wilisoni anatisiya dzinja lathali, atadwala pang'ono chabe. Pamaliro anthu anayamba ndi kulira, koma wina akangotchula dzina lawo, ena ankabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati n'kulira kapena kuseka.

Milamba ikuwambidwabe pamalo pomwe paja, ndipo kukoma kwake sikunasinthe. Kungoti masiku ano umasankha nsomba, amakukulungira, basi zatha. Umafika pamsewu minibasi isanadzaze, dzuwa likadali m'munsi, n'kuima ndi kaphukusi kako, osadziwa kuti tsiku lonseli upite nalo kuti.