Mmene Ndinatembenuzira Malemu Bambo

Kwathu ku Kaseye, ukafuna kundiwonongera tsiku ungondifunsa kuti, "Kodi sikana ija ikadalipo?" Alamu anga amadziwa zimenezi, ndipo amafunsa dala anthu akachuluka. Ndiye ndaganiza zoifotokoza ndekha nkhaniyi, chifukwa mukaimva kwa asibweni anga (amalume, kwa inu akummwera) mudzaganiza kuti ndinafukula maliro.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu ka fotokope pa Boma, pafupi ndi msika. Ndinkayenda ndi fulashi ya pa kompyuta m'khosi ngati kolona, choncho pabanja pathu chilichonse chokhala ndi waya chinkabwera kwa ine. Wailesi ikafa, kwa ine. Foni ikagwera m'chitsime, kwa ine. Sindinakonzepo kanthu, koma ndinkadziwa kugwedeza mutu mwaukatswiri n'kunena kuti vuto ndi fakitale.

Itakwana nthawi yomanga chiliza cha malemu bambo, mchemwali wanga Tusekile anati tisindikize nsalu yokhala ndi nkhope yawo, ngati zimene amavala a zipani pamsonkhano. Tonse tinavomera. Kenako tinakumbukira kuti chithunzi chawo tilibe. Alubamu yathu chiswe chinadya kalekale, n'kutisiyira chikuto chokha. Zidzukulu zinkawadziwa agogo awo m'nkhani basi, ndipo ine ndemwe nkhope yawo inali itayamba kundithawa.

Amama analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi. Bambo ali mnyamata ankaphikira wansembe wina wachizungu amene ankajambula chilichonse chodutsa patsogolo pake, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira chitinicho. Munali masilaidi. Kwa amene simunawaone, ndi tizithunzi tamafilimu, tokulirapo pang'ono kuposa sitampa, tokutidwa ndi kakatoni m'mbali. Ukagwira kamodzi m'manja ndi kakuda bii, koma ukakaloza kudzuwa mumaoneka tianthu.

"Bambo ako ali momwemu," anatero amama. "Ine maso anatha, ndikasuzumira ndimangoona nyerere. Uwatulutse ndiwaoneko."

"Amama, zimenezo n'kumwa madzi," ndinatero ine, ndikusisita fulashi.

Nditafika pa Boma ndinayala masilaidi pa makina a fotokope n'kudina batani. Panatuluka pepala la timabokosi takuda, ngati ndasindikiza makala. Ndinagwedeza mutu n'kuuza Tusekile kuti pakufunika sikana. Mawu akuti sikana ndinawatchula pang'onopang'ono kuti amve kulemera kwake.

Ndinanyamuka ulendo wa ku Tunduma, ku Tanzania. Mushopu ina ndinapeza Mswahili wonenepa atakhala pakati pa makatoni. "Karibu, bosi. Hii safi kabisa," anatero akumenya sikana yaikulu ngati chitseko cha kabati. Kenako anayesa Chichewa. "Chilichonse ijambula. Ngakhale chapati uika, ituluka."

M'thumba la malaya ndinali ndi silaidi imodzi. Ndikanangoitulutsa n'kufunsa ngati makinawo amatha zoterezi, nkhaniyi bwenzi palibe. Koma ndinaopa kuoneka wakumudzi pamaso pa munthu amene wangonditchula kuti bosi. Ndinasankha sikanayo chifukwa inali yaikulu kuposa zinzake zonse (mfundo yanga inali yoti chachikulu sichilephera chaching'ono), ndipo ndinabwera nayo pamiyendo m'fumbi lonse la msewu uja.

Zotsatira zake zinali timabokosi takuda tomwe tija, koma tsopano tooneka bwino kwambiri pa kompyuta. M'pamene zinandilowa m'mutu kuti sikana ya mapepala imawalitsa kuchokera pansi, pomwe silaidi imafuna kuwala kudutse kuchokera kumbuyo kwake. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati dzuwa la Chitipa ndi laulere.

Masana dzuwa lili paliwombo ndinatulutsa sikana panja, chingwe chamagetsi chitadutsa pawindo, chivindikiro chili yasa. Anyamata a kabaza anasiya makasitomala n'kundizungulira. Wapolisi wina wa ku Thyolo anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Achimwene, sikuti mukupanga ndalama zachinyengo apa?" Ndinamufotokozera za sayansi ya kuwala mpaka anatopa n'kuchoka. Chimene chinatuluka chinali chifunga choyera, pakati pake pali mthunzi wa mphuno yanga.

Apo ndinaganiza kuti vuto ndi litsiro. Ndinatenga thonje ndi sipiliti n'kupukuta silaidi imodzi, ya kwaya itaima pakhomo pa tchalitchi. Ndinapukuta kamodzi kokha. Kwaya yonse inatsalira pa thonje, woimbitsa yemwe. Ndinakhala pansi thukuta lili kamukamu, chifukwa ndinangotola silaidiyo osasankha n'komwe, ndipo akanatha kukhala bambo. (Amama sakudziwa za kwayayi. Amene mumawerengera amama zinthu, ndime ino muidumphe.)

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wina wa ku Mzuzu, yemwe anandibwereka kasikana kenikeni ka masilaidi. Kanali kakang'ono ngati theka la buledi, kali ndi nyali yakeyake m'kati ndi kathileyi kolowetsera silaidi. Kanabweranso ndi pepala la malangizo, limene ndinayatsira mbaula. Silaidi inkalowa m'kathileyimo mbali iliyonse imene waikira, osakana. Sindinadzifunse kuti kumaso kwake n'kuti, kumbuyo n'kuti.

Zithunzi zinayamba kutuluka. Ng'ombe, ana a sukulu, wansembe atakwera njinga yamoto, ng'ombe zina. Kenako bambo. Anali mnyamata wowonda, m'suti yobwereka yofika m'zala, tsiku la ukwati wawo. Dzanja limodzi agwira amama, linalo akulandira Baibulo kwa apongozi awo, agogo anga, amene ankapereka ndi manja awiri. Bambo ankaseka mano onse ali pamtunda. Ine bambo ndinawadziwa ali okalamba kale, a nkhope yolimba, ndipo sindinaganizepo kuti anasekapo chonchi. Ndinatseka chitseko cha shopu n'kulira ngati mwana. Maso anga sanachoke pa nkhope ija, ndipo china chilichonse pachithunzipo sindinachione.

Tusekile anati tikawaonetse kaye amama. Ndinakana. Ndinkafuna adzadzidzimuke pagulu, anthu adzatembenuke kufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinapereka fulashi kwa mayi wina wa geni amene amapita ku Mbeya kuti akasindikize nsaluzo kumeneko, pamodzi ndi dzina la bambo ndi mawu oti alembe m'munsi.

Nsalu zinafika kutatsala tsiku limodzi kuti tivumbule chiliza. M'mawa abale anali atadzaza kale pabwalo, azimayi akusenda anyezi, azibambo akupereka malangizo pa mbuzi imene sankaigwira. Ndinapereka moni wa "mwaghona" kwa onse, ndinadula chingwe cha mtolo, n'kutambasula nsalu imodzi m'mwamba. Nthungululu zinalira. Amama anaimirira, manja ali pakamwa, n'kuyandikira.

Apa ndiyenera kukuuzani za asibweni, mlongo wawo wa amama. Iwo ukwati umenewu sanaufune chiyambire. Ankati bambo anali wamwano chifukwa chozolowera kudya ndi foloko kwa mzungu, ndipo bambo atamwalira mkanganowo unangotsala opanda woyankha. Anabwera ndi ndodo yawo, anavala magalasi, n'kuyang'ana nsaluyo ngati akugula ng'ombe.

"Enya," anatero pomaliza, akugwedeza mutu movomereza. "Ndinkanena ine. Mwaona woko ilo? Akulandira Baibulo kwa adada na woko la mazere."

Ndinayang'ana. Bambo anga, patsiku la ukwati wawo, ankalandira mphatso kwa apongozi ndi dzanja lamanzere. Kwathu ngakhale mwana wosavala akalandira chinangwa ndi dzanja limenelo amalandidwa n'kuuzidwa kuti ayambirenso. Tsono uyu mkamwini, pamaso pa mpingo, ndipo chinthu chake Baibulo. Komanso osati pa nsalu imodzi, koma pa mtolo wonse.

"Ndi makina, asibweni," ndinatero. "Silaidi ndinailowetsa chotembenuza, ndiye zamanja zapita kumanzere."

"Makina ali na chifukwa chanji na bambo ako? Chithunzi sichinama, mwana wane. Ndakumbukanso, tsiku lija ndinaona ndithu."

Ndinathamangira m'chikwama n'kutulutsa silaidi yeniyeniyo kuti ikhale mboni. Asibweni anailoza kudzuwa, anatsinzina diso limodzi. Bambo ankalandira ndi dzanja lamanja. Anaitembenuza. Bambo ankalandira ndi lamanzere. Anaitembenuzanso kangapo, kenako anandibwezera.

"Ndi mmene analili," anatero. "Uku ulemu, uku mwano."

Ena anaseka, koma amama sanaseke. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Mayi anandipempha chinthu chimodzi, kuti aone mwamuna wawo, ine n'kuwabweretsera mwamuna woti mudzi wonse umunyoze mawa pamanda pake. Pa kompyuta kukonza kunali kudina kamodzi, koma nsalu ilibe batani, ndipo Mbeya si kuseri kwa nyumba.

"Tingozibisa, amama," anatero Tusekile. "Anthu avale zawo."

Amama anatenga nsalu ija m'manja mwanga n'kuikweza kudzuwa monga anachitira asibweni ndi silaidi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitembenuza. Nsaluyo inali yopyapyala (ndinasankha yotchipa, tisabisane), moti utoto unadutsa mpaka kuseri. Kuseriko bambo anali otuwa ngati aima m'nkhungu ya ku Misuku, koma ankalandira Baibulo ndi dzanja lamanja.

"Awa ndiwo," anatero amama. Anaimanga m'chiuno chotembenuza, n'kumangitsa. "Mawa aliyense avale chonchi."

"Koma amama, dzina likuwerengeka chobwerera m'mbuyo," anatero Tusekile.

"Amene sadziwa dzina la mwamuna wanga wabwerera mpunga. Asawerenge."

Mawa lake banja lonse tinayenda ulendo wa kumanda titavala nsalu chotembenuza, azimayi m'chiuno, azibambo paphewa, zilembo zonse zikuyenda chammbuyo. Anthu a m'njira ankaima ndi njinga zawo kutiyang'ana, ndipo ndinamva wina akufunsa mnzake ngati tayambitsa mpingo watsopano. Katekisiti anayesa kuwerenga vesi ya pansaluyo, anapendeketsa mutu, n'kungoyambitsa nyimbo. Asibweni okha ndiwo anavala yawo moyenera, nkhope ya bambo ili kunja ndi dzanja lamanzere lija, ndipo anakhala kutsogolo kuti aliyense aone. Amama anangowadutsa osawayang'ana, n'kukagwada pachiliza, dzanja lawo lili pa nkhope yotuwa ija.

Patapita sabata ndinakonza chithunzicho, ndinachisindikiza chachikulu pa pepala lonyezimira, n'kuchiika m'felemu yagalasi. Ulendo uno ndinayang'ana chilichonse, manja, mabatani a jekete, ngakhale mbali imene tambala wa kumbuyo analoza. Ndinaphunzira kuti chinthu usanachitumize kwa osindikiza uyambe waonetsa mwini wake, ngakhale uli ndi fulashi m'khosi. Ndinakwera njinga mpaka ku Kaseye n'kupereka felemuyo kwa amama ndi manja awiri.

Anaiyandikiza kumaso, n'kuyang'ana bambo nthawi yaitali. Anapukuta galasi ndi nsonga ya nsalu, ngakhale linali loyera. Ine ndinkadikira kuyamikiridwa. Kenako anaitembenuza felemuyo n'kuyang'anitsitsa katoni ya kuseri.

"Mukufuna chiyani kumeneko, amama?"

"Zinthu zako iwe," anatero, "munthu aziona mbali zonse."