Kabogi Kofiira ka ku Mwaliwiro

Dziko la Mwaliwiro lili ndi njanji imodzi yokha, yochokera kuchigwa kumene kumakhala alimi, kukwera phiri la Chikwera mpaka kumzinda kumene kuli chipatala ndi nyumba ya mfumu. Kale sitima iliyonse ya kumeneko inkakoka kabogi kofiira kumapeto kwake. Sikanali kokongola, ndisakunamizeni. Munali mbaula, benchi, nyali ndi chigudumu chomangira mabuleki, ndipo munkanunkha palafini ndi masokosi. Koma munkakhala munthu amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti palibe amene watsala m'njira. Chitsulo cholumikiza mabogi chikaduka paphiri, iyeyo ankamanga mabuleki n'kukupiza mbendera mpaka woyendetsa aime.

Kenaka analowa ufumu Olemekezeka Patsogolo, Mwini Njanji, Tate wa Ofulumira. Iwo ataona kabogiko anakwinya nkhope. "Anthu anga okondedwa," anatero pamsonkhano, "dziko lotukuka silisunga munthu woti azingoyang'ana kumbuyo, kumadya za boma ali chikhalire. Komabe ife si anthu otaya mbiri ya makolo. Timabogi iti tidzatisunga mwaulemu wonse." Ndipo anatisungadi. Nduna Pakani inatisonkhanitsa pabwalo la mumzinda, inatipaka utoto wonyezimira, n'kuthira simenti pamagudumu kuti mbala zisatikankhe. Ana asukulu ankabwera pamzere kudzaona, aphunzitsi atawachenjeza kuti asagwire. Mvula ikagwa, antchito ankathamanga ndi malona kukatifunditsa. Kabogi kamene kankalondera anthu kanapatsidwa mlonda wakewake, anthuwo n'kutsala opanda wowayang'ana.

Zimene zinatsatira ngakhale mwana akanazidziwiratu. Bogi yomaliza inayamba kuduka paphiri n'kubwerera yokha kutchire, anthu ali momwemo, ndipo woyendetsa ankazindikira atafika kale kumzinda. M'bogi yomaliza simukwera mabwana. Mumakwera amayi a madengu a tomato, odwala, ndi makanda oyamwa. Ena ankagona kutchireko mpaka abale awo akawafune, ena sanaonekenso. Nduna Chepetsani itafufuza mozama, inapeza kuti bogi imene imaduka nthawi zonse ndi yomaliza, choncho inalamula kuti bogi yomaliza ichotsedwe. Akuluakulu anawomba m'manja. Mwezi wotsatira inaduka imene inatsala kumapeto, nayonso anaichotsa, n'kuwombanso m'manja. Anthu a ndevu zawo, odya katatu pa tsiku, nzeru zake zimenezo.

Kuchigwa kunali Mayi Nadikira, amene mwana wawo Tiyese anali woyembekezera. Azamba anali atanena kuti khanda lagona mopingasa, ndipo mtsikanayo akapanda kukachirira kuchipatala, amutaya. Mayiwo anasiya munda osapalira, nakwera phiri wapansi kukagwada pamaso pa mfumu.

"Olemekezeka, Mwini Njanji, ndabwera ndi pempho limodzi. Timabogi tili pabwalo apo n'tambiri. Tibwerekeni kamodzi kokha, ngakhale kothothoka utoto, kuti mwana wanga akakwera sitima akafike."

"Mayi wanga," inayankha mfumu mokoma mtima, "mukupempha kuti tiwononge chuma cha fuko. Kabogi kakamayenda kamatha, kamachita fumbi. Nanga zidzukulu zanu zidzaona chiyani?"

"Mdzukuluyo ayambe wabadwa kaye, bwana."

Asilikali anawatulutsa mwaulemu, mowakoka pamkono.

Tsiku limene Tiyese matenda anamuyamba, mfumu inali itatsikira kuchigwa kukaitanira anthu ku chikondwerero cha timabogi, ndipo inkabwerera pa sitima yomweyo pamodzi ndi nduna zake ziwiri. Pofika nthawi imeneyo mabogi a anthu wamba anali atachotsedwa onse, imodziimodzi. Kunatsala injini, ngolo ya malasha, ndi bogi ya mfumu ya makatani oyera. Anthu wamba ankangokwera pamwamba pa malasha, kuseri kwa injini, utsi ukuwalowa m'maso. Mayi Nadikira anayala chitenje pamalashapo, nagoneka mwana wawo, mutu pamiyendo pawo.

Pakati pa phiri panamveka kulira kwa chitsulo cholumikiza mabogi chikuduka. Mayiwo atacheuka anaona bogi ya makatani itaima, kenaka ikuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Mfumu inatulutsa mutu pawindo ikukupiza kansalu ka m'thumba, nduna zija zikukupiza zipewa, pakamwa pali yasa, koma phokoso la injini linameza mawu awo. Onse amene anali pamalasha anaona. Anayang'ana mfumu, nayang'ana Tiyese amene ankaluma mpango kuti asalire. Aliyense ankadziwa kuti kuima paphiripo, kubwerera kutchire ndi kulumikiza bogi, dzuwa likanawalowera pomwepo, Tiyese asanafike kuchipatala. Onse anatembenuka n'kuyang'ana kutsogolo.

Woyendetsa, nkhope ili bii ndi utsi, maso ali panjanji, anafunsa osacheuka: "Amayi, sitima yapepuka mwadzidzidzi bwanji? Kumbuyoko kuli bwino?"

Mayi Nadikira anapukuta thukuta pamphumi pa Tiyese.

"Kumbuyo kuno kuli mwana wanga, achimwene, ndipo akupuma. Wonjezerani moto."