Timakumba ta M'galasi

Lolemba
Ati thanki yagalasi yatsopano yowetera nsomba izikhala mwezi wathunthu ndi madzi okhaokha, kudikira tizilombo tabwino todya zoipa za nsomba. Mwezi! Anakhazikitsa zimenezi ndani? Digiri ndinadikira, ntchito ndikudikirabe, pano ndidikirenso tizilombo tosaoneka ndi maso? Ayi. Timakumba ta kudamu la ku Ligowe talowa lero lomwe. Loweruka kukubwera anamwino ena kudzaona. Akakonda aitanitsa yawo, kenako maofesi onse a pa boma ndi anga. Neno isinthe basi!

Lachiwiri
Madzi mbee. Kapepala koyezera kakuti amoniya mulibe. Si ndinanena!
Ababa akupempha kuti tiwasunthire mpando pafupi ndi thanki. Chidwalire sitiroko sanapemphepo kanthu, ngakhale wailesi. Kansomba kokhala ndi dontho kumchira akukatchula kuti Alamu.

Lachitatu
Kapepala kabiriwira pang'ono. Amoniya ndi poizoni, amachokera ku ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala. Ndiye ndalengeza pakhomo: wodyetsa ndine ndekha, pang'ono, m'mawa basi.
Amayi: "Alendo wawaitana wekha, eti azigona ndi njala?"
Ababa maso ali pagalasi.

Lachinayi
Kapepala biriwiri ngati nkhwani! Magetsi azima, pampu ya mpweya zii. Amene ndikuwakayikira:
magetsi
madzi a pamjigo
amayi
mkulu wa ku Blantyre amene anandigulitsa timapepalati
Ndikuchotsa theka la madzi, kuthira atsopano. Kumjigo, kunyumba, kumjigo. Kuyunivesite sanatiuze kuti bizinesi imayamba ndi kuwawa kwa khosi, ndowa ili pamutu.

Lachisanu
Naitiraiti naye wafika, mng'ono wake wa amoniya, kapepala pinki. Timakumba tiwiri tayandama chagada. Ndikutivuula msanga ababa asanaone. Aona.
"Alamu alipo?"
Alipo, koma akupumira pamwamba, kukamwa yasa yasa. Pansi pa timiyala pali zoyererako ngati phala. Ine sindinaikemo zimenezi. Amayi akulumbira kuti sanayandikireko.

Loweruka
Ndikuchokera kumjigo, ndikusuzumira pawindo. Ababa! Dzanja lamanzere lija, lomwe limakana ngakhale supuni, likutuluka m'thumba la jekete litafumbata madeya. Likunjenjemera, ambiri akutayikira pansi. Koma likukwera, likukwera, mpaka pakamwa pa thanki.
"Idyani alamu, abwana kulibe."
Munthu amene ankadyetsa khola lonse la nkhumba yekha. Ndaima panja, ndowa pamutu, madzi akundidonthera kumsana.
Masana anamwino afika. Akuyang'ana madzi a mtundu wa thobwa, akugwira mphuno. Kenako akuona madeya pamiyendo pa ababa, akuwagwira zala, kuzipinda, kuziwongola.
"Thankiyi ayi, achemwali, pepani. Koma dzanjali lisasiye zimene likuchitazi."

Lamlungu
Oda palibe. Maofesi a pa boma akhala opanda nsomba monga kale. Timakumba tatsala titatu, Alamu ali pomwepo, lero atsikira pansi ndipo akusambira bwinoko. Kapepala kakadali kobiriwira. Tizilombo tabwino tibwera tsiku limene tafuna, ndavomera.
Udindo wodyetsa ndaupereka kwa ababa, ndi kachitsekero ka botolo ngati muyeso wa tsiku lonse. Akukayang'ana, akuyang'ana ine.
"Mwana wouma manja iwe."
M'thumba la jekete sindinasechemo. Ndangobwereka ndowa yachiwiri kwa aneba, ulendo wa kumjigo.